Mwana waitanidwa kukasaka mbawala ku Wisconsin: mafunso ndi mayankho

Mwezi wa Novembala ukamayandikira, foni yanga simapuma. Oimba amakhala anzanga ochokera kumudzi amene anakwatira kapena kukwatiwa kuno ku Wisconsin, dera la ku America, ndipo nkhani imakhala imodzimodzi: achibale a kuno akufuna kutenga mwana kutchire kukasaka, nditani? Inenso zinandigwera mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 7, pamene alamu anga, amalume ake a mwanayo, anati nthawi yakwana yoti mdzukulu wa pakhomo akaone kumene nyama ya m'firiji imachokera. Ndinakulira ku Dedza. Mbewa ndinakumba, njiwa ndinalasa ndi legeni, koma mfuti ndinkangoiona m'manja mwa apolisi ndi asilikali. Mafunso ali m'munsiwa ambiri ndinadzifunsa ndekha usiku tulo titasowa.

Kodi nyama imene amasakayo ndi mbawala yathu yomwe ija?

Ayi, koma dzina loyandikira ndi lomwelo, ndiye tiziitcha mbawala. Kuno amati white-tailed deer chifukwa cha mchira wake. Kunsi kwa mchirawo n'koyera mbee, ndipo nyamayi ikadzidzimuka imauimika n'kuliyatsa liwiro, iwe n'kungoona ngati kansalu koyera kakulowa m'nkhalango. Yaikazi imaposa mbuzi yaikulu, ndipo yamphongo yokhwima imatha kufika makilogalamu 90 kapena kuposa. Kusiyana kwenikweni kuli pa nyanga. Mbawala ya ku Liwonde kapena ku Majete imafa ndi nyanga zomwe inamera ili yaing'ono. Ya kunoyi nyanga zake ndi fupa lochita nthambi ngati mtengo, zimathothoka m'nyengo yozizira n'kumeranso zina chaka chotsatira.

Kodi n'zoona kuti lamulo limalola kamwana kugwira mfuti?

N'zoona. Mu Novembala 2017, bwanamkubwa wa nthawiyo, Scott Walker, anasayina lamulo lochotsa malire a zaka kwa ana osaka moyang'aniridwa ndi wamkulu. Lisanabwere lamuloli, mwana ankayenera kukwanitsa zaka 10. Koma sikuti amangomusiya. Womuyang'anirayo ayenera kukhala wa zaka 18 kapena kuposa, akhale ndi chiphaso chake chosakira, ayang'anire mwana mmodzi yekha, ndipo akhale pafupi moti atatambasula mkono atha kumugwira. Mwanayo nayenso amagulirwa chiphaso m'dzina lake ku nthambi ya boma yoona za chilengedwe, imene aliyense kuno amangoti DNR.

Mwana wa zaka 12 kapena 13 amene wachita maphunziro a ulenje n'kukhoza atha kukhala patali pang'ono, bola wamkulu azimuona ndi kumumva. Kusaka yekha kumayambira zaka 14. Maphunziro amenewa ndi okakamiza kwa aliyense wobadwa kuyambira pa 1 Januwale 1973 amene akufuna kusaka popanda womuyang'anira. Awa ndi malamulo a Wisconsin. Michigan, Minnesota ndi madera ena ali ndi awoawo, choncho ngati famu ya achibale ili kutsidya kwa malire, werengani a kumeneko.

Nanga inuyo mukuti zaka zoyenera ndi zingati?

Apa ndipo pagona nkhani, ndipo ndinena maganizo anga mosapsatira. Kupita kutchire ndi kuwombera ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo makolo ambiri amazisakaniza. Mwana wa zaka 6 kapena 7 atha kupita ndithu. Akakhale pambali pa amalume ake kapena agogo ake, aone mmene kumachera m'nkhalango, aphunzire kukhala phee, aone mmene wamkulu amagwirira mfuti. Koma chala chake chisafike pa kachitsulo kowombera. Lamulo likulola, inde, koma lamulo silimudziwa mwana wanu. Mukumudziwa ndinu.

Ine ndinayang'ana zinthu zitatu. Kodi mwanayu ndikamuletsa chinthu amaleka nthawi yomweyo, ngakhale atatengeka? Kodi akumvetsa kuti chimene chafa sichidzukanso, osati ngati za m'magemu a pa kompyuta? Ndipo kodi thupi lake lingathe kunyamula mfuti, kuitsamiritsa paphewa ndi kulondolera bwino, kuti nyama ife msanga osazunzika? Chachitatuchi anthu amachiiwala. Mwana wochepa mphamvu amalasa nyama m'mimba kapena m'mwendo, nyamayo n'kukafera kutali patapita maola ambiri. Chimenecho n'chinthu cholemera kuchisenzetsa kamwana.

Wanga anapita zaka zinayi akungoonerera. Anayamba kuwombera pa chandamale cha pepala ali ndi zaka 10, ndi kamfuti kakang'ono ka .22 komwe sikakankha phewa. Mbawala yake yoyamba anaipha ali ndi zaka 11 ndi mfuti ya .243 Winchester, yomwe mabanja ambiri amapatsa ana chifukwa ndi yokwanira pa mbawala koma siipweteka kwambiri pobweza. Panali azisuwani ake amene anayamba msanga kuposa iye, ndipo nthawi zina ankadandaula. Sindinagonje, ndipo amalume ake anaima nane.

N'chifukwa chiyani anthu a kuno amaulemekeza chonchi uzimba umenewu?

Nyengo yaikulu yosaka ndi mfuti imakhala ya masiku 9. Imayamba Loweruka lomwe limatsogolera chikondwerero cha Thanksgiving, chimene chimachitika Lachinayi lachinayi la Novembala, n'kutha Lamulungu la sabata yotsatira. Anthu oposa theka la miliyoni amagula ziphaso, ndipo zaka zambiri mbawala zoposa 150,000 zimaphedwa m'masiku ochepawa. Masukulu ena a kumpoto amatseka sabata yonseyo. Abale obalalika m'mizinda amabwerera kufamu ya makolo kapena kukanyumba ka m'nkhalango, n'kumagona pamodzi, kudya pamodzi, kukamba nkhani zakale. Mukakumbukira mmene mudzi umadzazira nthawi ya chiliza, mwayandikira. Ndiye apongozi akamati mdzukulu abwere, dziwani kuti akumulowetsa m'banja.

Kodi si nkhanza kuonetsa mwana nyama ikuphedwa?

Funsoli ndimalilemekeza, koma tisaiwale kumene tinachokera. Ndani wa ife anakula osaona nkhuku ikudulidwa khosi, kapena mbuzi ikusendedwa pa Khirisimasi? Tinkagwirira miyendo, tinkapatsidwa chiwindi chowotcha, ndipo tinakula tikudziwa kuti ndiwo ya nyama imatuluka m'chamoyo. Mwana wokulira kuno atha kufika zaka 15 akuganiza kuti nyama imayambira m'pulasitiki wa m'sitolo. Ineyo chimenecho n'chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri.

Palinso mbali ya chilengedwe. Mimbulu, yomwe inkadya mbawalazi, inathetsedwa mu Wisconsin cha m'ma 1960. Inayamba kubwerera m'zaka za m'ma 1970, koma ili kumpoto ndi pakati basi. Kum'mwera, kumene kuli minda ya chimanga ndi soya, mbawala zimaswana popanda chozichepetsa. Zikachuluka zimadya timitengo tonse tophuka m'nkhalango, zimawononga minda, ndipo ngozi za magalimoto ogunda mbawala zimaposa 15,000 pachaka m'dera lino lokha. Boma limadalira alenje kuti achepetse chiwerengerocho, n'chifukwa chake limapereka zilolezo zambiri zophera zazikazi. Ndalama za ziphaso zimasamalira nyama ndi nkhalango, komanso kuchokera mu 1937 lamulo la Pittman-Robertson limatenga msonkho wa pa mfuti ndi zipolopolo n'kuupereka ku ntchito yomweyo.

Nkhanza imabwera ndi khalidwe la akuluakulu. Ngati akuseka nyama ikuphupha, akuikwera pamsana pojambulitsa, kapena akumwa mowa mfuti zili m'manja, mwana wanu asapiteko. Pitani kaye nokha mukaone gululo.

Kodi tsikulo limayenda bwanji?

Ndikuuzani mmene linayendera lathu loyamba, kufamu ya apongozi kufupi ndi Waupaca. Tinadzuka 4:30 usiku. Agogo ake aakazi anali atadzuka kale, khofi ali pamoto, akukulunga masangweji. Kumuveka mwana kunatenga nthawi yaitali kuposa kudya. Tinadutsa m'munda wa chimanga wokololedwa kale, ziputu zitauma gwa ndi chisanu, zikulira khwaa khwaa pansi pa nsapato, tochi italoza pansi. Amalume ake ankatsogola, mfuti ili yopanda chipolopolo mpaka titakhazikika m'kanyumba kobisaliramo m'mphepete mwa nkhalango.

Lamulo limalola kuwombera kuyambira mphindi 30 dzuwa lisanatuluke mpaka mphindi 20 litalowa. Kumapeto kwa Novembala dzuwa limatuluka cha m'ma 7 koloko, ndiye tinakhala mumdima nthawi ndithu, kuli zii. Kenako kutali kunamveka phuu, kwinanso phuu, uzimba watsegulidwa. Mwana anandigwira mkono mwamphamvu.

Patapita kanthawi masamba anayamba kuchita tswatswa kumbuyo kwathu. Iye maso tuzu, akunong'ona: "Adadi, yabwera!" Anali gologolo. Alenje onse amadziwa kuti gologolo amasokosera kuposa mbawala, pomwe mbawala yeniyeni imangotulukira ngati mthunzi. Amalume ake anamuonetsa mapazi a nyama m'matope ouma, ndi kamtengo kamene yamphongo inakapala khungwa ndi nyanga. Pofika 9 koloko mapazi ake anali atachita dzanzi, milomo ikunjenjemera. Amalume ake anangotulutsa chipolopolo n'kunena kuti: "Tiye mwanawe, tikaothe moto." Limenelo linali tsiku lotsegulira, lomwe mlenje amaliyembekezera chaka chonse, ndipo analisiya chifukwa cha mapazi a mwana. Kuyambira pamenepo ndinawakhulupirira.

Mbawala sitinaione n'komwe tsiku limenelo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekhako ndiye phunziro lalikulu la chaka choyamba.

Avale chiyani?

Pa nyengo ya mfuti mlenje aliyense ayenera kuvala zowala za mtundu wa olenji, theka la zovala zakunja kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba, ndipo chipewa, ngati wavala, chikhalenso cha mtundu womwewo. Kuchokera mu 2016 pinki wowala ndi wololedwanso. Mwana wongoonerera muvekeni chimodzimodzi, kuyambira kumutu. Musade nkhawa kuti nyama imuona: maso a mbawala sasiyanitsa bwino olenji ndi mitundu ya m'tchire, koma amaona kwambiri buluu, komanso chilichonse chogwedezeka. Chimene chimakuululani kwenikweni ndi fungo, choncho alenje amakhala moti mphepo iziwomba kuchokera kumene nyama ikuyembekezeka.

Mdani wamkulu ndi kuzizira. Kukhala malo amodzi maola atatu madzi atauma kukhala ayezi si chimodzimodzi ndi kusewera panja. Muvekeni zovala zingapo zosanjikiza, zaubweya osati zathonje, chifukwa thonje likanyowa ndi thukuta limazizira. Nsapato zikhale zokulirapo kuti zala zizitakataka. Tengani timapaketi totenthetsa m'manja, bulangeti, fulasiki ya koko ndi zakudya zomwe mapepala ake sasokosera.

Mantha anga ali pa ngozi. Kodi ndi zoopsa bwanji?

Mfuti ndi mfuti, ndipo mantha anuwo ndi abwino, musawataye. Ku Wisconsin mlenje aliyense amaloweza malamulo anayi, ndipo mwana ayenera kuwanena pamtima asanaponde kutchire. Mfuti iliyonse uitenge ngati ili ndi chipolopolo. Kukamwa kwa mfuti kuloze kumene kulibe munthu nthawi zonse. Usawombere usanatsimikize chimene ukulasa ndi chimene chili kuseri kwake. Chala chisakhudze kowombera mpaka nthawi yowombera itakwana. M'galimoto mfuti imayenda yopanda chipolopolo, ndipo kunyumba imakhala yokhomeredwa, zipolopolo zili kwina.

Koma chimene chimavulaza alenje ambiri si chipolopolo ayi, ndi kugwa kuchokera pa nsanja za m'mitengo zimene amakwerapo podikirira nyama. Kamwana kasakwere nsanja. Kakhale pansi, m'kanyumba kobisaliramo, momwe kangathenso kugwedezeka pang'ono osaonedwa. Chinanso ndi makutu: kulira kwa mfuti yaikulu kumatha kuwononga makutu mpaka kalekale ngakhale kamodzi kokha, ndiye zotchingira m'makutu zikhale pamutu wamkulu asanakweze mfuti.

Ngati mukupita pa uzimba wa ana, umene umachitika Loweruka ndi Lamulungu kumayambiriro kwa Okutobala kwa a zaka 15 kutsika m'munsi, kunja kumakhala kofundirapo, koma nkhupakupa zimakhala zidakali moyo. Zimafalitsa matenda a Lyme, omwe ndi ofala kuno. Madzulo mufufuzeni mwana thupi lonse, m'tsitsi, kuseri kwa makutu ndi m'khwapa.

Nanga nyama ikaphedwa, mwana n'kuyamba kulira?

Musiyeni alire. Chaka chachiwiri amalume ake anawombera yaikazi cha m'ma 8 koloko. Inadumpha n'kuthamangira m'nkhalango, monga zimachitira ngakhale italasidwa bwino kuseri kwa phewa, pamene pali mtima ndi mapapo. Tinadikira theka la ola, chifukwa ukaithamangira msanga imadzuka n'kupita kutali. Kenako tinayamba kulondola magazi, ndipo mwanayo, pokhala wamfupi, ndiye ankaona madontho psuu pa masamba ife tisanawaone. Anali wokondwa, akuloza apa ndi apo. Titaipeza itagona pansi pa mtengo, maso ali chitsegulire, chimwemwe chonse chinazima. Anagwada, anaika dzanja pakhosi pake, n'kunena kuti: "Adadi, ikadali yofunda." Misozi inayamba kutsika.

Palibe anamuseka, palibe anamuuza kuti alimbe mtima. Amalume ake anavula chipewa n'kukhala chete limodzi naye. Atatonthola anamufunsa ngati akufuna kuona kutumbula kapena abwerere kunyumba ndi ine. Anasankha kutsala. Anagwirira mwendo wakutsogolo, nthunzi ikutuluka m'mimba mwa nyama m'chisanu chija, ndipo mafunso anayamba kugwa ngati mvula: ichi n'chiyani, nanga ichi? Anaona chimanga m'chifu, anagwira mtima ndi manja ake.

Mabanja ena ali ndi mwambo wopaka mwana magazi pamasaya akapha nyama yake yoyamba. Ngati mwana sakufuna, kanani m'malo mwake. Kujambulitsa nakonso musamukakamize.

Kodi nyamayo ndi yabwino kudya? Tamva kuti kuli matenda.

Matendawo alipo, amatchedwa CWD. Amawononga ubongo wa mbawala, nyama n'kumawonda mpaka kufa, ndipo alibe mankhwala. Mu Wisconsin anadziwika mu 2002, pa nyama zophedwa kufupi ndi Mount Horeb, ndipo afala kwambiri kum'mwera chakumadzulo. Choyambitsa si kachilombo wamba koma puloteni yopindika molakwika, yomwe siifa ndi kuphika. Palibe munthu amene watsimikizika kuti anawatenga, komabe a zaumoyo amalangiza kuti nyama yopezeka nawo isadyedwe. DNR imayeza kwaulere: mumapereka mutu ndi kachigawo ka khosi pa malo amene anakonza, n'kudikira zotsatira. Ife sitipatsa ana nyama isanayezedwe.

China chomwe makolo ambiri sadziwa ndi mtovu. Chipolopolo cha mtovu chimanyenyeka chikalowa m'thupi, tizidutswa tosaoneka n'kumwazikira mu nyama, makamaka yogaya. Mtovu ndi woipa kwambiri kwa ana aang'ono ndi amayi oyembekezera. Pemphani achibale agwiritse ntchito zipolopolo zamkuwa. N'zokwererapo mtengo, koma mlenje amawombera zingati pachaka?

Pali zolemba zilizonse nyama ikaphedwa?

Inde, iyenera kulembetsedwa pa intaneti kapena pa foni isanakwane 5 koloko madzulo a tsiku lotsatira mutaipeza. Ngati amene waipha ndi mwana, imalembedwa pa chiphaso cha mwanayo.

Ine si nzika ya America. Kodi ndingapite nawo?

Kukaonerera, osagwira mfuti ndiponso osathandiza kusakako, n'kosavuta, ndipo ndikukulimbikitsani kuti ulendo woyamba mupite. Mwana akatembenuka mumdima uja apeze nkhope yanu. Kugwira mfuti ndi nkhani ina. Amene ali ndi green card, chilolezo chokhazikika m'dziko muno, amaloledwa monga nzika. Amene ali pa viza ya kanthawi, monga ya sukulu kapena ya ntchito, lamulo la dziko lonse limawaletsa kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo, kupatula pa zifukwa zochepa, chimodzi mwa izo n'kukhala ndi chiphaso chosakira chomwe chikugwira ntchito. Osangolandira mfuti chifukwa mlamu wakupatsirani. Kulakwitsa apa kutha kukuonongerani mapepala okhalira m'dziko muno.

Bwanji ngati mwana sakufuna, kapena wafika pa nyama n'kukana kuwombera?

Basi, zathera pomwepo. Pa uzimba wake woyamba wogwira mfuti, wanga anaika yamphongo yaing'ono pa galasi lolondolera, thupi lonse likunjenjemera, mpweya ukutuluka mwaphamphu, ngati mmene zimachitikira ngakhale kwa alenje akale. Anatsitsa mfuti n'kunena kuti sangathe. Amalume ake anamuuza kuti wachita bwino, pakuti wonjenjemera sayenera kuwombera. Mawa lake anapha ina ndi chipolopolo chimodzi. Mng'ono wake wamwamuna anapita kamodzi, sanazikonde, ndipo amatsala kukhitchini ndi agogo ake kukanda ufa wa mapayi. Onse ndi adzukulu a pakhomopo mofanana, ndipo mukaona wina akumunyodola wotsalayo, lankhulanipo.

Tikapita kutchuthi kumudzi, angakayeseko zomwe waphunzira?

Ayi. Muuzeni momveka kuti malamulo ndi osiyana chifukwa mavutonso ndi osiyana. Kuno nyama zachuluka, kwathu zinatsala pang'ono kutha. Kupha nyama m'malo otetezedwa monga Kasungu, Nkhotakota kapena Lengwe ndi mlandu waukulu, ndipo kuchokera mu 2017 chilango cha milandu ikuluikulu ya nyama zakutchire ku Malawi chimafika zaka 30 m'ndende. Mutengereni ku Liwonde akaone mbawala yeniyeni ili moyo m'mbali mwa Shire, ayerekeze nyanga zake ndi zomwe amazidziwa.

Nyamayo mumaiphika bwanji kuti ana aikonde?

Ilibe mafuta ambiri, ndiye ikapsereza imauma ngati chikopa. Kamafuta koyera komwe ili nako kachotseni konse, ndi komwe kamabweretsa fungo limene ana amadana nalo. Nyama ya m'mbali mwa msana ndiyo yofewa kwambiri, imangofuna mchere ndi chiwaya chotentha kwa mphindi zochepa. Ya m'miyendo ndi m'khosi ndimaiphika mwakwathu, pamoto wochepa maola atatu, ndi anyezi ndi tomato, mpaka msuzi utalemera, kenako nsima. Apongozi anga poyamba ankaidya ndi foloko, pano amasamba m'manja. Yotsala ambiri amapangitsa masoseji, ndipo amene yawachulukira atha kupereka nyama yathunthu kwa opha nyama ovomerezeka, omwe amaigaya n'kuitumiza kumalo ogawira chakudya osowa, ndondomeko yomwe yakhalapo kuchokera mu 2000.

Mtima wokha sitiuika m'firiji yowumitsa pamodzi ndi zina. Timausunga padera m'kathumba kolembedwa dzina la amene anapha, zotsatira za kuyeza zikabwera timauduladula mopyapyala n'kuukazinga ndi anyezi, ndipo mwini dzinalo ndi amene amanyamula mbale kugawira aliyense, kuyambira agogo.